Kuteteza Nyumba Zathu kwa Akuba: Tiyambire pa Chitseko

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa atsogoleri a miphakati kwa Khwethemule, m'boma la Thyolo

Tikudziwa kuti ena mwasiya khasu m'munda, ena mwachita kupempha kwa akapitawo kuti mupezeke pano, choncho sititaya nthawi. Mutu wa lero ena auseka atangoumva, amvekere kodi Mpingo wayamba kuphunzitsa ukalipentala? Tiloleni tiyambe ndi nkhani imene inatichitikira ife eni, kenaka muweruze nokha ngati chitseko si nkhani ya Mpingo.

Chaka china mwezi wa Januwale, pa nthambi ina ya parishi yathu, gulu la amayi linasunga matumba a chimanga ndi a feteleza m'kanyumba ka kuseri kwa tchalitchi. Chimangacho chinali cha odwala ndi okalamba. Loko tinakagula ndife, ndipo tinasankha wamkulu kuposa onse m'sitolomo, wolemera bwino m'dzanja. Kiyi tinapereka kwa mayi msungichuma, mayi wamasiye amene anatumikira Mpingo zaka zambiri. Tsiku logawa litafika, tinapeza loko ali chikhomere, chitseko chili bwinobwino, koma matumba anayi kulibe. Mukudziwa kale zimene anthu ananena. Palibe anawaloza chala poyera, koma pa chitsime ndi pa chigayo nkhani inali yomweyo. Mayi aja anabweza kiyi, ndipo miyezi itatu sanaponde kumphakati.

Amene anatitsegula maso ndi kalipentala wina amene tinamuitana kudzakonza benchi. Anayang'ana chitseko chija, natulutsa kampeni m'thumba, ndipo tisanamalize kumupatsa moni anali atamasula masikuluwu anayi ogwira chitsulo chokolekapo loko. Chitseko chinatseguka, loko ali lende, wokhoma. Anatisonyeza mitu ya masikuluwuwo kuti inali yokalikakalika, kusonyeza kuti wina anaimasulapo kale ndi kuibwezera. Wakubayo sitinamudziwe mpaka lero. Kwa mayi aja tinapita kukapepesa, ndipo anatilandira, koma manyazi anatigwira ife amene tinagula loko wa ndalama zambiri ndi kumupachika pa masikuluwu oti mwana wa sitandade 5 angathe kumasula.

Wakuba salimbana ndi loko

Phunziro loyamba ndi limeneli. Wakuba sapita pamene pali polimba. Amafuna pofooka, ndipo amafuna kuchita changu popanda phokoso. Chitseko chili ndi mbali zinayi zofunika kuziona: thabwa lake, felemu imene chakhalamo, mahinjesi, ndi pokhomera. Mbali imodzi ikafooka, zitatu zinazo zilibe ntchito. Ambiri a ife timawononga ndalama pa loko yekha chifukwa ndiye amaoneka.

Tiyambe ndi pokhomera pomwepo, poti m'pamene ife tinagwera. Chitsulo chokolekapo loko chinapangidwa kuti mukachipinda pokhoma chiziphimba masikuluwu ake. Amisiri ena amachiika chotembenuza, masikuluwu n'kukhala poyera. Mukafika kunyumba lero mukhome chitseko chanu, muime panja ngati mlendo, muone ngati pali sikuluwu kapena msomali umene mungaufikire ndi mpeni. Ngati ulipo, ndiye kuti nyumba yanu simukhoma.

Mankhwala ake si okwera mtengo. M'malo mwa masikuluwu ikani mabawuti a mutu wobulungira, aja osalala opanda pogwira sipanala. Boolani chitseko mpaka kuseri, mutu wa bawuti ukhale kunja, nati ikhale m'kati mwa nyumba. Pansi pa nati ikani kachitsulo kaphanthiphanthi kotambalala, ngakhale kodula ku khasu lotha, kuti munthu akamakanula panja nati isalowe m'thabwa. Mukamanga nati, menyani nsonga ya bawuti ndi hamala kuti ifutukuke, isadzamasukenso. Chitani chimodzimodzi ku mbali ya felemu. Mabawuti otere amapezeka m'masitolo a zipangizo pa boma ndi ku Luchenza.

Loko weniweniyo musamuyese ndi kukula. Yang'anani khosi lake, chitsulo chokhota chija. Likhale lonenepa ndi lalifupi. Khosi lalitali limasiya mpata wolowetsapo chitsulo chokanulira kapena sowo. Ndipo pa chitseko chachitali chopyapyala, maloko awiri apakatikati, wina m'mwamba wina m'munsi, aposa loko mmodzi wamkulu pakati, chifukwa wakuba amakanula pa ngodya pamene chitseko chimapindika.

Za maloko olowa m'kati mwa thabwa, aja okhala ndi chogwirira, pali zinthu ziwiri zoti tidziwe. Choyamba, m'kati mwake muli timapale timene kiyi amanyamula potsegula. Otsika mtengo amakhala ndi tiwiri tokha, ndipo makiyi ake ndi a mitundu yochepa, moti kiyi wa nyumba ina amatha kutsegula kwanu. Pa kiyi pamakhala nambala, ndipo munthu akaiwerenga angathe kukagula mnzake pamsika. Maloko otere anapangidwira zitseko za kuchipinda. Pa khomo lakunja funsani wa timapale tisanu, mukalephera, titatu. Vuto limeneli si la kuno kokha. Ku America eni a tingolo togonamo paulendo, tija amatikoka ndi galimoto, amadandaula zomwezi, poti timakabati takunja ta tingolo tambirimbiri timatsegulidwa ndi kiyi mmodzi wa nambala CH751. Chachiwiri, kuti loko wotere alowe, mmisiri amakumba dzenje m'mphepete mwa chitseko. Ngati thabwa silifika mainchesi awiri kunenepa kwake, kapena pafupifupi pamenepo, chotsala mbali zonse chimakhala chopyapyala ngati chikuto cha buku, ndipo phazi limodzi lokha lichiswa. Pa chitseko chopyapyala ndi bwino loko wopachika woikidwa ndi mabawuti.

Komanso tisinthe khalidwe losiya kiyi pansi pa mwala wa pakhonde kapena pamwamba pa felemu. Mudzi wonse umadziwa malo amenewo.

Felemu ndi mahinjesi

Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zomangira dothi, zina za zidina. Felemu imangoimikidwa, njerwa n'kuizungulira. Pakapita zaka ziwiri zitatu dothi lija limayoyoka, chiswe chimadya miyendo ya felemu pansi, ndipo munthu wamphamvu akakankha, chitseko ndi felemu yake zimagwera limodzi m'nyumba. Yesani nokha: gwirani felemu muigwedeze. Ngati ikusuntha, yambirani pamenepo musanagule china chilichonse.

Felemu imafuna zogwirira zitatu mbali iliyonse, m'mwamba, pakati ndi m'munsi. Zikhoza kukhala timizere ta chitsulo tokhomera ku felemu ndi kulowa m'khoma, kapena misomali ya mainchesi 6 yokhomedwa mopingasa. Pamene zalowa m'khoma chotsanipo njerwa imodzi, mutsirepo simenti. Simufunika thumba lonse. Mabanja atatu anayi angathe kugawana thumba limodzi. Miyendo ya felemu ipakeni oyilo wakuda wotsala m'galimoto kapena ku chigayo kuti chiswe chisayandikire, ndipo isakhudze dothi.

Mahinjesi akhale atatu, osati awiri, ndipo bowo lililonse likhale ndi sikuluwu yake yaitali. Taona zitseko zambiri zolendewera pa misomali yopinda, ena mpaka pa chidutswa cha tayala. Chitseko chotsegukira m'kati chili ndi mwayi woti mahinjesi ake amabisika. Koma maokala, tinyumba ta malata ta pamsika, makontena ndi timashedi ta njinga kawirikawiri zitseko zake zimatsegukira kunja chifukwa m'kati ndi mopanikiza. Pamenepo mtima wa hinjesi, kachitsulo kapakati kaja, umakhala panja, ndipo wakuba amangoukhoma ndi msomali kuchokera pansi, n'kunyamula chitseko chonse ku mbali imene simunakhome.

Njira yake ndi yosavuta, ndipo tifuna muimvetse bwino poti ambiri saidziwa. M'mphepete mwa chitseko, mbali ya mahinjesi, khomani zidutswa ziwiri za bawuti kapena misomali yonenepa yodula mitu, imodzi chakumwamba ina chakumunsi, zitulukire kunja ngati inchi imodzi. Moyang'anizana nazo boolani mabowo mu felemu. Mukatseka chitseko, zitsulozo zimalowa m'mabowomo. Tsono ngakhale wina achotse mahinjesi onse, chitseko sichingatuluke, chifukwa chagwidwa mbali zonse ziwiri. Ngati chitseko ndi chachitsulo, wowotcherera angakuchitireni zomwezo, ndipo mumuuze awotcherere ndi mitu ya mahinjesi yomwe. Mumuuzenso aike mzere wa chitsulo m'mphepete mwa chitseko wophimba mpata wa pakati pa chitseko ndi felemu, kuti chokanulira chisapeze polowa.

Za thabwa tingonena mwachidule. Zitseko zosalala zokongola zija, zambiri m'kati mwake ndi mphako, kunja kokha ndiko kuli kathabwa kopyapyala. Gogodani mumve. Ndi za kuchipinda. Pa khomo lakunja, chitseko cha matabwa a bulugama wouma bwino, chokhala ndi mitanda itatu kumbuyo ndi ina yopingasa, chimatha zaka. Mtanda wopingasawo uyambire pansi ku mbali ya mahinjesi kukwera ku mbali ya loko, apo ayi chitseko chimagwa mphuno n'kuyamba kukhula pansi. Bulugama wamuwisi musalole, amapindika n'kusiya mipata.

Inu okhala m'nyumba za kampani ku esiteti, nyumbayo si yanu, choncho musaboole khoma kapena kusintha chitseko musanapemphe kwa oyang'anira nyumba. Koma kupempha kuti akonze felemu yodyedwa ndi chiswe si mwano. Pemphani mwaulemu, makamaka polemba kalata, ndipo mukakhala angapo pa mzere umodzi lembani pamodzi.

Mpiringidzo, ndi chenjezo lake

Usiku, anthu muli m'nyumba, palibe loko woposa mpiringidzo wa makolo athu. Mtengo wolimba wopingasa chitseko, wokhala m'zitsulo ziwiri zomangidwa ndi mabawuti kapena zolowa m'khoma, sungatsegulidwe ndi kiyi aliyense. Tinausiya poyesa kuti ndi wachikale, koma ubwerere.

Apa tsono tichenjezane kwambiri, chifukwa chitseko chimene chimaletsa wakuba kulowa chingathenso kuletsa mwana wanu kutuluka. Nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, tiyi amaphuka kwambiri ndipo bambo ndi mayi onse amalawira kukatchola. Alipo makolo amene amakhomera ana aang'ono m'nyumba ndi loko wa kunja, poopa akuba. Abale, m'nyumbamo muli machesi, muli koloboyi, mwina mbaula ya makala sinazime. Pa mazenera mwaika zitsulo. Moto ukabuka, mwanayo atulukira pati? Chimanga chobedwa tingathe kusonkherana. Mwana asakhomeredwe m'nyumba, ngakhale kwa ola limodzi. Musiyeni kwa agogo, kwa anansi, kapena mphakati ukonze zoti amayi azisinthana kuyang'anira ana.

Tikumbukenso usiku wa namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, pamene kuno ku Thyolo, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu ndi ku Blantyre anthu anathawa m'nyumba mumdima makoma akugwa. Pa nthawi yotere palibe mpata wofunafuna kiyi m'thumba la malaya. Chokhomera cha usiku chikhale choti aliyense m'nyumbamo, ngakhale mwana wa zaka 7 kapena gogo, angathe kuchichotsa mumdima ndi manja okha. Ngati mumakhoma ndi kiyi, akhale ndi msomali wake pafupi ndi chitseko, posafikirika ndi dzanja lochokera pa zenera, ndipo onse adziwe. Ayeseni ana anu madzulo ano, nyali itazima.

Chimene chitseko sichingachite

Tisanamizane. Chitseko cholimba chimangochedwetsa wakuba ndi kumukakamiza kuchita phokoso. Ena akalephera pakhomo amaboola khoma la zidina kumbuyo, ena amakanula lata. Masiku ano nkhokwe zapanja zinatha, chimanga timagona nacho m'nyumba m'matumba, ndipo mwezi wa Januwale ndi Febuluwale, njala ikafika pachimake, aliyense amadziwa nyumba imene muli matumba. Loko wolendewera pakhomo masana amauzanso wodutsa kuti eni ake kulibe. Phokoso limathandiza pokhapokha pali wolimva, ndipo wolimvayo n'kutuluka. N'chifukwa chake mnansi amene mumalankhulana naye ndi mbali ya chitseko chanu. Mukamapita ku maliro kapena ku chipatala, muuzeni.

Timamva ena akunena kuti umbava unabwera ndi demokalase, kuti kale wakuba ankaopa. Ife amene tinaona nthawi imeneyo tikudziwa kuti sanali wakuba yekha amene ankaopa. Munthu ankatha kutengedwa usiku osaonekera ku khoti, ndipo abale ake ankaopa ngakhale kufunsa. Ndi zina mwa zimene Maepiskopi athu anadzudzula m'kalata yawo imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992, ndipo anthu anayankha pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994. N'zoona kuti zaka zimenezo umbava wa mfuti unakula, poti nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992 mfuti zina zinalowa m'dziko muno. Koma Malamulo oyendetsera dziko sanapatse munthu ufulu wakuba. Gawo 28 limateteza katundu wa munthu aliyense. Ndipo m'malamulo a milandu, gawo 309, kuthyola nyumba yogonamo anthu ndi mlandu waukulu, masana kapena usiku.

Malamulo omwewo, pa gawo 16, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, ndipo pa gawo 42 amati womangidwa aonekere ku khoti pasanathe maola 48. Apa m'pamene ambiri timakhumudwa. Timagwira munthu, timamupereka ku polisi, mkuja timuona pamsika, ndiye timati boma lamumasula. Kawirikawiri amakhala kuti wapatsidwa belo, ndipo belo si kutha kwa mlandu. Mlandu umatha pamene ife mboni sitipita ku khoti, poopa kapena poumira ndalama ya basi. Tikafuna kuti wakuba alangidwe, mphakati usonkhe ndalama ya ulendo wa mboni, ndipo wina amuperekeze. Dziwaninso kuti belo ya ku polisi ndi yaulere.

Zomenya kapena kutentha munthu woganiziridwa, Mkhristu asapezekepo, ngakhale kungoimirira n'kumaonerera. Lamulo lachisanu ndi chiwiri la Mulungu limaletsa kuba, koma lachisanu silinafafanizidwe. Ndipo kumbukirani mayi msungichuma aja. Tonse tinali otsimikiza, ndipo tonse tinalakwa. Akanakhala mnyamata wosadziwika wodutsa ndi thumba pa njinga usiku umenewo, kodi bwenzi lero tikunena zotani? Gulu likakwiya silifunsa mafunso. Amene wamenya munthu mpaka kufa amayankha mlandu wakupha, ngakhale womwalirayo atakhaladi wakuba.

Njira yovomerezeka ilipo. Kuyambira m'chaka cha 1997 apolisi anayamba kugwira ntchito pamodzi ndi anthu m'midzi kudzera m'magulu a chitetezo cha m'mudzi, ndipo lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa ndondomeko imeneyi. Magulu amenewa amagwira ntchito ndi mafumu. Ntchito yawo ndi kulondera, kuchenjeza, ndi kupereka wogwidwa ku polisi ali wamoyo ndi wosavulala. Si khoti, ndipo alibe mphamvu yolipiritsa munthu kapena kumukwapula. Akhristu alowe m'magulu amenewa, amayi omwe, kuti pakhale mawu oletsa pamene mitima yatentha.

Pali mbali ina imene sitikonda kuimva. Wakuba saba wailesi kuti azimvera, amaba kuti agulitse, ndipo wogula ndi ife. Munthu akakubweretserani foni, batire la sola kapena thumba la feteleza madzulo pa theka la mtengo wake, mumadziwa kumene lachokera, ngakhale musafunse. Kulandira katundu wobedwa ukudziwa ndi mlandu pa malamulo a dziko, ndipo pamaso pa Mulungu kulapa kwake kumafuna kubweza. Matumba anayi aja sanapite ku Blantyre. Anadyedwa konkuno, mwina m'nyumba ya munthu amene tinakhala naye pa benchi limodzi Lamulungu lotsatira.

Kuti katundu wanu adzadziwike akapezeka, lembani m'kope nambala ya njinga, imene imakhala pa felemu, kawirikawiri pansi pamene pamazungulira mapedulo. Pa foni dinani *#06# ndipo ituluka nambala yaitali, imeneyonso ilembeni. Kopelo musunge kwina, osati m'chikwama chimodzi ndi foniyo. Popanda zimenezi, ngakhale apolisi atapeza njinga khumi, simungathe kutsimikiza kuti yanu ndi iti.

Tsono ntchito ya kunyumba nayi. Tisanakumanenso mwezi wamawa, mphakati uliwonse usankhe anthu awiri, bambo ndi mayi, ayendere nyumba za amasiye, okalamba ndi odwala a m'dera lawo, Akatolika ndi ena omwe. Apemphe chilolezo kwa mwini nyumba, agwedeze felemu, aone mahinjesi, aone masikuluwu, ndipo afunse ngati gogoyo amatha kutsegula yekha usiku. Alembe zofunika pa nyumba iliyonse, kuti tidzawerengere pamodzi mabawuti ndi simenti, tione zimene thumba la mphakati kapena banki m'khonde ingathe. Amisiri a m'parishi muno amene angapereke tsiku limodzi alembetse kwa mlembi tisanabalalike. Chitseko chakale cha kanyumba kaja tachibweretsa, chili panja pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi kampeni, ndipo aliyense wofuna ayese kumasula masikuluwuwo ndi dzanja lake tikamwa tiyi.